MTUNDA WOCHEPA NDI UTI POGULA GALIMOTO YOYENDAPO KALE?

Chaka chilichonse misika ya mbeu ikatsegulidwa, ndalama zikayamba kuloŵa m'mabuku a alimi ku banki, nawo amalonda a magalimoto amasendera pafupi. Mudzawapeza mozungulira misika ya fodya ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu, ndiponso pa maboma ambiri, atandandalitsa mapikapu ndi timagalimoto totsukidwa bwino. Mau awo ndi amodzi: "Bwana, iyi sinayende ayi, taonani nokha mileage yake." Alimi olembetsa, pamodzi ndi anzathu olima m'maesiteti amene mumasonkherana kuti mugule galimoto ya gulu, mumafunsa alangizi kaŵirikaŵiri kuti kodi mtunda wochepa ndi makilomita angati.

Funsoli ndi lalikulu kwa mlimi kuposa kwa munthu wa m'tauni. Wogwira ntchito ya pamwezi galimoto ikamufera amaiimika, nadikira malipiro a mwezi wotsatira. Mlimi amalandira kamodzi pa chaka. Injini ikagogoda mu Novembala, ndalama yokonzetsera imachoka pa feteleza, pa mbeu kapena pa fizi ya ana, ndipo munda wa chaka chimenecho umavutika chifukwa cha chinthu chimene chinagulidwa kuti chithandize munda womwewo.

Yankho lake ndi ili: palibe nambala imodzi imene tinganene kuti ndiyo mtunda wochepa. Nambala imene wamalonda akukulozerani imakhala ndi tanthauzo pokhapokha mutaiyerekeza ndi zinthu zinayi: zaka za galimotoyo, mtundu wa injini yake, miseu ndi katundu amene yakhala ikusenza, ndi umboni wosonyeza kuti nambalayo ndi yoona. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

MITA YA MTUNDA

Kutsogolo kwa dalaivala, pamene pali muvi wosonyeza liŵiro, pali timanambala toŵerenga mtunda wonse umene galimoto yayenda chichokereni ku fakitale. Pa Chingerezi amati odometer, koma ife tizingoti mita, popeza imagwira ntchito monga mita ya madzi kapena ya magetsi. Pafupi pake pali kamita kena koŵerenga ulendo umodzi, kamene dalaivala amakabweza pa ziro pongodina kabatani. Musasokoneze ziŵirizi. Pa magalimoto ambiri a masiku ano mita yaikulu imalembedwa ODO, ya ulendo imalembedwa TRIP. Yofunika kwa wogula ndi yaikuluyo.

Mita imangoŵerenga kuzungulira kwa matayala basi. Siidziŵa ngati mseu unali wa phula kapena wa fumbi. Siidziŵa ngati kumbuyo kunali matumba aŵiri kapena makumi atatu. Siiŵerenga maola amene injini yakhala ikulira galimoto itaima podikira anthu, ndipo siinena ngati oyilo ankasinthidwa. Kumbukirani zimenezi nthaŵi zonse pamene mukuyang'ana nambala ija.

MAILOSI KAPENA MAKILOMITA?

Magalimoto ambiri oyendapo kale amene timagula kuno amachokera ku Japan, ku South Africa ndi ku Britain, chifukwa m'maiko ameneŵa amayendetsa kumanzere kwa mseu monga ife, ndipo chiwongolero chili kumanja. Mita za ku Japan ndi za ku South Africa zimaŵerenga makilomita, koma za ku Britain zimaŵerenga mailosi. Mailo imodzi ndi makilomita 1.6, ndiye kuti mailosi 5 ndi makilomita 8.

Choncho galimoto ya ku Britain ikaonetsa 60,000, yayenda makilomita pafupifupi 96,000. Ikaonetsa 100,000, yayenda makilomita 160,000. Yang'anani pa wotchi ya liŵiro. Ngati manambala aakulu alembedwa MPH, mita ili m'mailosi ndipo muchulukitse ndi 1.6. Ngati alembedwa km/h, ili m'makilomita. Musayerekeze magalimoto aŵiri musanaike manambala awo pa muyeso umodzi, monga momwe simuyerekezera mtengo wa ndowa ndi mtengo wa kilogalamu.

GAŴANI MTUNDA NDI ZAKA

Mlimi akanena kuti wakolola matumba 40, funso loyamba ndi lakuti pa maekala angati. Matumba 40 pa ekala imodzi ndi ulimi wabwino kwambiri, koma matumba 40 pa maekala khumi ndi njala. Chimodzimodzinso ndi mtunda wa galimoto. Tengani nambala ya pa mita muigaŵe ndi zaka za galimotoyo kuti mupeze mtunda wa pa chaka.

Pa galimoto yaing'ono ya banja mungagwiritse ntchito muyeso uwu. Kuchepera makilomita 10,000 pa chaka ndi mtunda wochepa. Kuyambira 10,000 mpaka 20,000 ndi wapakati. Kupitirira 20,000 ndi wochuluka. Tikauika muyesowu pa zaka, zimakhala motere:

Ya zaka 3: wochepa ngati siinafike 30,000, wochuluka ngati yapitirira 60,000.
Ya zaka 5: wochepa ngati siinafike 50,000, wochuluka ngati yapitirira 100,000.
Ya zaka 8: wochepa ngati siinafike 80,000, wochuluka ngati yapitirira 160,000.
Ya zaka 10: wochepa ngati siinafike 100,000, wochuluka ngati yapitirira 200,000.
Ya zaka 15: wochepa ngati siinafike 150,000, wochuluka ngati yapitirira 300,000.

Taonani tsopano kuti makilomita 90,000 ndi ochuluka pa galimoto ya zaka 3, ndi apakati pa ya zaka 6, ndipo ndi ochepa pa ya zaka 12. Nambala ndi imodzi, mayankho ndi atatu.

Pikapu kapena kalole ndi galimoto ya ntchito, ndipo munthu saigula kuti aziisunga pakhomo. Pa galimoto yotere makilomita 20,000 mpaka 30,000 pa chaka si chachilendo. Pikapu ya zaka 10 imene yayenda 150,000 tinganene kuti yayenda pang'ono.

Dziŵaninso kuti muyeso wa ku Japan ndi wotsika kuposa wathu. Kumeneko anthu ambiri a m'mizinda amapita ku ntchito pa sitima, ndipo amalonda akumeneko amaŵerengera makilomita 10,000 pa chaka ngati mtunda wa nthaŵi zonse. Tsono galimoto ya zaka 10 yongofika kumene kuchokera ku Japan ili ndi 90,000 siili yodabwitsa. Ndi galimoto wamba, ndipo simuyenera kuwonjezera ndalama chifukwa cha nambala imeneyo.

Poŵerenga zaka, chenjerani ndi chinthu chimodzi. Galimoto yochokera kunja ili ndi chaka chimene inapangidwa ndi chaka chimene inalembetsedwa kuno ku Malaŵi. Nambala ya kutsogolo ikhoza kukhala yatsopano pamene galimotoyo ili ndi zaka 12. Chaka chofunika ndi chimene inapangidwa. Pa magalimoto ambiri chakachi chimapezeka pa kansalu kosokedwa kumunsi kwa lamba wa mpando, ndipo makaniko angachipezenso pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi. Chakachi ndi chofunikanso pa msonkho, chifukwa a MRA poŵerengera msonkho wa galimoto yoloŵa m'dziko amaona zaka zake ndi kukula kwa injini.

PETULO KAPENA DIZILO

Injini ya dizilo ya pikapu kapena ya lole inapangidwira ntchito yolemetsa. Zitsulo zake ndi zochindikala ndipo siizungulira mothamanga ngati ya petulo. Ikamasamalidwa bwino imatha kupitirira makilomita 300,000 isanatsegulidwe. Kainjini ka petulo ka galimoto yaing'ono nako kamatha kupitirira 200,000, koma pa mtunda umenewo mukayesetse bwino musanagule. Choncho 150,000 pa Toyota Hilux, Isuzu kapena Mitsubishi Canter ya dizilo si chimodzimodzi ndi 150,000 pa kagalimoto ka m'tauni.

Komabe musaiŵale kuti injini ya dizilo ikawonongeka, kukonza kwake ndi kodula. Mapampu ndi majekita a dizilo wa masiku ano safuna mafuta amadzi kapena a zinyalala. Galimoto imene yakhala ikumwa mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa mseu ikhoza kukhala ndi vuto ngakhale mtunda wake uli wochepa.

MAKILOMITA SALINGANA

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre pali makilomita oposa 300 a phula. Galimoto yoyenda ulendo umenewu injini imatentha bwinobwino, magiya sasinthidwa pafupipafupi, kalachi ndi mabuleki zimapuma. Tengani makilomita 300 omwewo muwayende m'miseu ya m'midzi mwezi wa Febuluwale, m'matope ndi m'zigwembe, kapena mu Okutobala pamene mseu wasanduka ngati malata ndipo fumbi lili koboo. Mita idzaŵerenga chimodzimodzi, koma mashoko, masipuling'i, mabushi ndi kalachi zidzamva zosiyana. Fumbi likadutsa pa sefa ya mpweya yong'ambika limapala m'kati mwa injini ngati mchenga.

Katundu nayenso ndi wofunika. Pikapu ya tani imodzi inapangidwa kuti inyamule matumba 20 a makilogalamu 50, kapena mabelo a fodya pafupifupi khumi. Tonse timaona pikapu zotere zitasenza kaŵiri kuposa pamenepo, anthu atakhalanso pamwamba. Galimoto ya matola, kapena yotuta mchenga, njerwa ndi nkhuni, imakalamba msanga kuposa mita yake.

N'chifukwa chake funso lakuti "yayenda mtunda wotani" liyenera kutsatana ndi lakuti "yayenda kuti, ndipo imanyamula chiyani." Galimoto ya ku Japan imene inafika ili ndi 70,000 n'kuyendanso 50,000 pa matola kuno, makilomita 50,000 akunoŵa ndiwo aikalambitsa kwambiri.

MTUNDA UKACHEPETSETSA

Ena amaganiza kuti nambala ikachepa kwambiri ndiye kuti apeza mwayi. Galimoto ya zaka 12 yosonyeza makilomita 30,000 yayenda 2,500 okha pa chaka. Apa pali zinthu ziŵiri: mwina mita ikunama, mwina galimotoyo yakhala nthaŵi yaitali osayenda. Zonsezi zili ndi mavuto ake.

Galimoto ili ngati khasu: yongokhala imachita dzimbiri. Mphira za m'injini ndi m'mabuleki zimauma n'kuyamba kudontha mukangoyamba kuyenda maulendo ataliatali. Matayala amachita ming'alu ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano. Mafuta a mabuleki amakoka chinyontho. Galimoto yongoyenda timaulendo tatifupi, injini isanatenthe n'komwe, oyilo wake amasanduka phala lakuda m'kati. Magalimoto oyendera petulo ndi batire yaikulu pamodzi, amene amatchedwa hybrid, batire yake imakalamba ndi zaka ngakhale galimoto isakuyenda, ndipo mtengo wake ndi waukulu.

Palinso dzimbiri la pansi. Ku Britain ndi kumpoto kwa Japan kumagwa chipale m'nyengo yozizira, ndipo amathira mchere m'miseu kuti chisungunuke. Mcherewo umadya chasisi. Injini yotha mukhoza kuikonzetsa, koma chasisi chodyeka ndi dzimbiri sichingasenze mabelo anu. Gwadani muyang'ane pansi, gogodani ndi sipanala. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

MITA IMATHA KUNAMA

Pali njira zinayi zimene nambala ya pa mita imasiyanirana ndi mtunda weniweni.

Yoyamba ndiyo kubweza mita dala. Pa mita zakale za timagudumu tozungulira, onyenga amatsegula n'kutembenuza ndi manja. Zizindikiro zake ndi manambala osaima pa mzere umodzi ndi zomangira zokalikakalika kuzungulira wotchi. Musaganize kuti mita ya magetsi siibwezedwa. Imabwezedwa ndi kompyuta m'kanthaŵi kochepa, osasiya chipsera chooneka ndi maso.

Yachiŵiri ndiyo kusintha wotchi yonse. Ikawonongeka, mwini amagula ina ya galimoto yophwasulidwa, ndipo imabwera ndi nambala ya galimoto inayo.

Yachitatu ndiyo kuduka kwa waya wa liŵiro. Muvi ukasiya kuyenda, kaŵirikaŵiri mita nayo imaima. Galimoto ikhoza kuyenda zaka zitatu nambala ili pamodzimodzi.

Yachinayi ili pa magalimoto akale kwambiri a mita ya manambala asanu. Ikafika 99,999 imabwerera pa ziro n'kuyambanso. Yosonyeza 40,000 ikhoza kukhala 140,000 kapena 240,000.

Poyesa galimoto, lembani nambala ya pa mita musananyamuke. Yendani mtunda umene mukuudziŵa bwino, kapena uyezeni ndi foni, kenaka muone ngati mita yasuntha molingana.

MAPEPALA AMENE AMACHITIRA UMBONI

Nambala yopanda pepala ili ngati belo lopanda tikiti ya sikelo. Pemphani izi:

Ya ku Japan: Kumeneko galimoto ya banja imapimidwa ndi boma ikakwana zaka 3, kenaka zaka ziŵiri zilizonse, ndipo mtunda umalembedwa. Pepala lotulutsira galimoto m'dzikomo, lotchedwa Export Certificate, limaonetsa mtunda umene unalembedwa pa kupimidwa komaliza pamodzi ndi tsiku lake. Pemphani kope lake. Nambala ya pa mita lero iyenera kuposa ya pa pepalalo. Ngati galimotoyo inachita kuyendetsedwa kuchokera ku doko la Dar es Salaam kudzera pa chipata cha Songwe, pawonjezekenso makilomita pafupifupi 1,500 kukafika ku Lilongwe. Ngati ya pa mita ili yochepa kuposa ya pa pepala, musafunsenso zambiri, chokanipo.

Magalimoto ambiri a ku Japan amagulidwa pa okishoni, ndipo opima a pa okishoniyo amalemba pepala lonena za mtunda, ngozi ndi dzimbiri. Akakayikira mita amaika chizindikiro pambali pa nambala, ndipo kanyenyezi kamatanthauza kuti mitayo inabwezedwa. Alipo makampani amene amafufuza mbiri imeneyi pa intaneti mukawapatsa nambala ya chasisi ndi kulipira pang'ono. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa injini.

Ya ku Britain: Galimoto ikakwana zaka 3 imapimidwa chaka chilichonse, kupima kotchedwa MOT, ndipo mtunda umalembedwa nthaŵi iliyonse. Boma lakumeneko limaonetsa mbiri imeneyi kwaulere pa intaneti kwa aliyense amene ali ndi nambala imene galimotoyo inali nayo kumeneko. Mwana wanu wa ku sekondale akhoza kukuonerani pa foni.

Yoyenda kale kuno kapena ya ku South Africa: Pemphani buku la sevisi ndi malisiti a ku galaja. Yang'ananinso timapepala tomatidwa pa chitseko kapena topachikidwa m'injini, tonena mtunda umene oyilo anasinthidwa. Kapepala konena kuti oyilo anasinthidwa pa 185,000 pamene mita ikuonetsa 120,000 kakuuzani zonse. M'buku la sevisi onani ngati masiku ndi manambala akukwera motsatana. Pikapu ya dizilo yoyenda m'fumbi imafuna oyilo watsopano pa makilomita 5,000 alionse kapena kupitirira pang'ono.

GALIMOTO IMADZINENERA YOKHA

Munthu wogula ng'ombe samangomva zaka kwa mwini wake, amaitsegula kukamwa n'kuona mano. Galimoto nayo ili ndi mano ake.

Onani mphira za popondera kalachi ndi mabuleki. Pa galimoto ya 60,000 mizere yake imaonekabe. Ngati zaperepeseka mpaka chitsulo, kapena ngati zili zatsopano kwambiri pamene zina zonse ndi zakale, kayikirani. Gwirani chiwongolero ndi mutu wa giya: zosalala ndi zonyezimira zagwiridwa zaka zambiri. Khalani pa mpando wa dalaivala, kenaka pa wa mnzake. Ngati wa dalaivala waloŵa m'kati kapena wang'ambika m'mphepete, galimotoyo yayenda. Tsegulani chitseko cha dalaivala muchinyamule pang'ono kumapeto kuti mumve ngati chikugwedera.

Ŵerengani matayala. Pambali pa tayala lililonse pali manambala anayi onena sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Mwa chitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Galimoto ya zaka zitatu imene akuti yayenda 20,000 iyenera kukhala ndi matayala a mtundu umodzi, a zaka zofanana ndi galimotoyo. Ngati onse anayi anasinthidwa kale, funsani chifukwa chake.

Pa pikapu yang'anani bodi ya kumbuyo. Pansi popindikapindika, masipuling'i owongoka kapena owonjezeredwa, ndi poŵala pamene chasisi chakhala chikugunda pa ekiselo, zonsezi zikunena za katundu wopyola muyeso. Pomwe pawotcheredwa pa chasisi ndi chenjezo lalikulu.

Injini muilize m'maŵa isanatenthe. Gwirani kaye ndi dzanja kuti mutsimikize kuti wogulitsa sanailize inu musanafike. Utsi wabuluu ukutanthauza kuti ikuwotcha oyilo. Utsi woyera wosaleka injini itatentha ukhoza kutanthauza kuti madzi akuloŵa m'injini. Utsi wakuda wambiri ndi vuto la mafuta kapena la sefa ya mpweya. Tsegulani chotsekera cha oyilo: mukaona zoyera ngati chambiko, madzi ndi oyilo zikusakanikirana. Injini ikulira, utsi wambiri wopemerera kuchokera pa bowo limeneli ukusonyeza injini yotha. Makaniko wodziŵa ntchito ali ndi chida choyezera mphamvu ya mpweya m'chipinda chilichonse cha injini, ndipo muyeso umenewo ndi wodalirika kuposa mita.

ZIMENE ZIMATHA PA 100,000

Pali zipangizo zimene zimatha pa nthaŵi yake ngakhale galimoto isamalidwe chotani. Chachikulu ndi lamba wa m'kati mwa injini amene amakaniko amati timing belt. Pa injini zambiri amasinthidwa pa makilomita 100,000, pa zina 150,000. Akaduka galimoto ikuyenda, pa injini zambiri mapisitoni amamenya mavavu ndipo ndalama yokonzera ndi yaikulu. Ku Japan akamusintha amakonda kumata kapepala pa injini konena mtunda wake. Pa mapikapu ena a Toyota a dizilo pamayaka nyali yolembedwa T-BELT nthaŵi ikakwana. Injini zina zili ndi tcheni m'malo mwa lamba, choncho funsani makaniko za injini imene mukufunayo.

Pakati pa 100,000 ndi 150,000 ndi pamenenso kalachi, mashoko, mabushi, maberingi a matayala ndi pampu ya madzi zimakonda kufuna kusinthidwa. Tsono taganizani. Galimoto ya 95,000 imene zonsezi sizinasinthidwe, ndalama yake mudzalipira ndinu chaka chomwechi. Ya 125,000 yokhala ndi malisiti osonyeza kuti zinasinthidwa, mwini wakale anakulipirirani kale. Nambala yaing'ono si nthaŵi zonse imene ili yotchipa.

FUNSANI ZA MTUNDA WOTSALA

Mlimi sagula makilomita amene anapita kale. Amagula amene atsala. Choncho ŵerengerani mtunda umene inuyo mudzayende pa chaka. Tiyerekeze mlimi wa ku Kasungu. Kupita ku Lilongwe ndi kubwerako ndi makilomita pafupifupi 260, ndipo maulendo khumi pa chaka ndi 2,600. Kupita kaŵiri pa sabata pa malo a malonda amene ali pa mtunda wa makilomita 25 ndi 5,200 pa chaka. Tiwonjezere 3,000 a kututa zokolola, chipatala, maliro ndi zina. Zonse pamodzi sizikufika 11,000. Galimoto imene yatsala ndi makilomita 100,000 abwino idzamutumikira zaka zisanu ndi zinayi.

Tiyerekezenso kuti mlimi ameneyu wapeza mapikapu aŵiri a dizilo a mtengo wofanana. Yoyamba ili ndi zaka 12, mita ikuonetsa 95,000, mapepala a sevisi palibe, mphira ya kalachi yatha mpaka chitsulo ndipo masipuling'i anawonjezeredwa. Yachiŵiri ili ndi zaka 8, mita ikuonetsa 210,000, inali ya kampani yoyenda pa phula, buku la sevisi ladzaza zidindo ndipo lamba wa injini anasinthidwa. Yoyamba ikunena kuti inkayenda makilomita osafika 8,000 pa chaka, koma thupi lake likutsutsa. Yachiŵiri inkayenda oposa 26,000 pa chaka, ndipo umboni wake ulipo. Mlimi wanzeru atenga yachiŵiri, chifukwa akudziŵa chimene akugula.

MUSANAPEREKE NDALAMA

1. Dziŵani chaka chimene galimoto inapangidwa, osati chimene inalembetsedwa kuno chokha.
2. Onani ngati mita ili m'mailosi kapena m'makilomita, kenaka gaŵani mtunda ndi zaka.
3. Funsani kumene yakhala ikuyenda ndi ntchito imene imagwira. Funsaninso anthu ena oidziŵa, osati wogulitsa yekha.
4. Yerekezani nambala ya pa mita ndi mapepala, ndiponso ndi maonekedwe a galimotoyo.
5. Bwerani ndi makaniko wanu, amene mukumulipira ndinu. Musadalire makaniko wa wogulitsa.
6. Iyeseni masana, pa phula ndi pa fumbi, pa chitunda, ili ndi katundu ngati n'kotheka.
7. Onetsetsani kuti nambala ya chasisi ndi ya injini zikufanana ndi za m'buku la galimoto, kuti dzina la m'bukulo ndi la wogulitsa, ndiponso kuti msonkho unalipidwa. Kusintha dzina muchitire limodzi ku ofesi ya Road Traffic.
8. Lembani kalata ya mgwirizano, muikemo nambala ya pa mita ndi mau akuti wogulitsa akutsimikiza kuti ndi yoona. Pakhale mboni. Wogulitsa woona mtima sakana kusayina.
9. Funsani mtengo wa zipangizo zake ndiponso ngati zimapezeka pa boma lanu. Galimoto ya mtunda wochepa imene chipangizo chake muyenera kuchidikira miyezi iŵiri siingakuthandizeni nthaŵi ya msika.
10. Patulani kaye ndalama ya feteleza, mbeu, antchito, ngongole ndi chakudya cha pakhomo. Pa yotsalayo musiyenso ina ya inshuwalansi, COF, matayala ndi sevisi yoyamba.

Inu amene mukugula ngati kalabu kapena gulu, gwirizanani musanagule za amene aziyendetsa, ndipo sungani kabuku m'galimoto momwe muzilemba mtunda wa ulendo uliwonse ndi tsiku losinthira oyilo. Kabuku kameneka kadzateteza injini, kadzathetsa mikangano, ndipo tsiku limene mudzafune kugulitsa kadzakhala umboni wanu.

Magalimoto ogulitsa sadzatha, koma ndalama ya mbeu ikapita imabweranso chaka chamaŵa. Wamalonda akakuuzani kuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano, musiyeni winayo agule. Safunsa anadya phula. Tengani masiku angapo, onani magalimoto atatu kapena anayi, ndipo ngati masamu a m'nkhani ino akukuvutani, pitani ndi manambala anu kwa mlangizi wa dera lanu muŵerengere limodzi.